Diso M'chikuto cha Kabuku

14 Okutobala

Okondedwa akulu anga,

Ndikhulupirira miyendo ija yayamba kukumverani. Ife tilipo, koma ndikulemba mothamanga, ndiye mupirire nazo zilembo zokhotazi.

Mukudziwa kuti alamu anu atatisiya, mzime wathu ndiye analowa m'chipinda chawo chojambulira. Zotsala zonse, mapepala oduka, nsalu zopukutira maburashi, ngakhale makatoni, anati zisatayidwe. Anazidula n'kusoka timabuku ta pamanja, kuti abale ndi anzawo a malemu aliyense alandire kake. Kanu munalandira.

Tsono malemu anali ndi chizolowezi choyesera utoto kumbuyo kwa nsalu imene akujambulayo. Mwanayu anapeza nsalu ina yaikulu kuseri kwa kabati, ili madontho okhaokha, n'kuyesa ndi yoyeserapo basi. Anaidula pamulu ndi zinzake osaitembenuza, n'kukutira timabuku tonse, madontho kunja.

Lachiwiri ulusi wa kabuku kanga unamasuka. Poti ndisoke, ndinafunyulula chikutocho. Akulu, diso! Diso likundiyang'ana, pamwamba pake chipsera cha mwala uja munandigenda tili ana. Pomwepo ndinaitana mwanayu.

Ndinati, "Iwe, tabwera kuno. Ichi n'chiyani?"

Anayang'ana, anayang'ananso. "Mayo ine! Amayi, ndakudulani!"

Alamu anu aja moyo wonse ankajambula anthu ena. Ndikati nanga ine, ankati, "Inu simukhazikika, ndingajambule mphepo?" Kani ankandijambula mobisa, osanditsina khutu ngakhale tsiku limodzi.

Mwanayu wayenda khomo ndi khomo kumasula zikuto. Zidutswa taziyala patebulo. Mphumi ulipo, makutu, duku langa lobiriwira, ndi chibwano chimene chinali kwa mnzawo wa malemu, wometa uja. Koma pakati pali bowo. Pakamwa palibe, ndipo kabuku katsala ndi kanu kokha.

Iye sakudya, akungoti walakwira bambo ake. Ine sindinamukalipire, mawuwo ndiwatenga kuti?

Chonde musakatumize pabasi, kangasowe. Tengani lumo, mudule ulusi wa m'mphepete pang'onopang'ono, nsaluyo muisunge mpaka mwanayu adzaitenge yekha. Koma mukangotsegula mundiimbire foni. Ndikufuna kudziwa ngati anandijambula ndikuseka kapena nditakwinya, poti masiku omaliza aja ndinkangowalalatira za mankhwala.

Moni kwa onse kumeneko. Chimene mukachione mundiuze momwe chilili, musandinyengerere.

Ndatha ine mng'ono wanu.