Mchere wa Mkamwini

Lolemba, 3 Julaye 2017

Chiperoni chatsika phiri. Kuzizira mpaka m'mafupa. Mwana wathu Luntha sanathe mwezi, mkazi wanga Dyna akadali wofooka, opaleshoni si masewera. Apongozi afika dzulo kuchokera ku Jali kudzathandiza mwana wawo. Zabwino. Ndawalonjera nditanjuta patali, monga mkamwini wolongosoka.

Lero tsiku langa lopuma ku loji. Sipageti wa nyama yogaya, wa Chitaliyana weniweni. Adyo, anyezi, matimati a ku Thondwe. Sabata yonse ndimaphikira azungu kuphiri kuja, ndiye banja langa lizingomva fungo pa malaya anga? Ayi. Palibe anandiphunzitsa ine. Ndinayamba ndi kutsuka mapoto, maso ali pa manja a ophika. Chikwatire, tsiku lopuma khitchini ndi yanga. Amuna a m'Chinamwali muno amati ndinadyetsedwa mankhwala. Aziti. Fungo likafika kwawo amabwera kudzabwereka machesi.

Madzi atawira ndatapa mchere. Apongozi pakhonde akhosomola. Kenako mawu, akuyang'ana khoma: "Dyna, uwauze bambo a mwana asathire mchere. Ndithira ndine."

Ndaseka, ndimayesa nthabwala. Dyna sanaseke.

Sipageti wowaza mchere atapsa kale. Zingwe za nsapato. Apongozi alawako m'chipinda mwawo, akuti nyongolotsi zoyera sadya.

Lachiwiri, 4 Julaye

Ndamufunsa Dyna ndisanakwere phiri. Akuti ndi za tsempho. Ndikuzidziwa, nanenso sindinabadwire m'tauni. Mayi wa khanda ndi wozizira. Munthu amene wagona ndi wina ndi wotentha, akathira mchere m'chakudya mayi ndi mwana amatupa, amakhosomola, ena amapita kumene. Chabwino. Koma ine ndi Dyna tinalekana mphasa mimba itangokula. Nanga kutentha kwangako kwachokera kuti?

Tanthauzo lake ndi limodzi. Apongozi akuti ndikuyenda kunja. Pakamwa sanganene, ndiye anena ndi mchere.

Dyna: "Musazitengere kumtima, amayi akungosamala. Mwezi umodzi wokha." Ndamufunsa ngati nayenso akusamala. Anali kuyamwitsa. Mutu sanadzutse.

Ine chinthu ndimachitchula dzina lake. Bwana wa loji ndinamuuza pamaso kuti nsomba zake zanunkha, ntchito ndikadali nayo. Koma apongozi ungawauze bwanji pamaso, pamene ngakhale kuwayang'ana sikuloledwa? Tikakumana pakhomo, iwo kukhotera uku, ine uko. Mawu onse adutse mwa Dyna ngati ndi positi ofesi.

Loweruka, 8 Julaye

Ndatsika lero. Holide ya pa 6 alendo anadzaza loji, ndinagona kumtunda komweko. Chipinda cha antchito, ine ndi a Benard osamalira maluwa, oliza mkonono ngati macheka a ocheka matabwa. Chibwenzi changa ndi chimenecho.

Ndagula sitiroberi ndi mulunguzi kwa ogulitsa a m'njira. Dyna wamaliza kambale konse, milomo yofiira ngati mwana wa sukulu. Mtima unakhala pansi pang'ono.

Kenako foni. Joanna, woperekera zakudya ku loji, kufunsa komwe ndasiya kiyi wa sitolo. Mawu ake ngati wailesi ya m'basi, nyumba yonse yamva. "A Winston, mwandithawa osatsanzika lero?" Amatero kwa aliyense, ngakhale kwa mlonda wopanda mano uja. Apongozi anali kusita matewera. Simbi inaima malo amodzi mpaka thewera linanunkha.

Madzulo nkhuku ya kare ndi mpunga, mmene amaphikira Amwenye. Jinja, binzali, kambuzi pang'ono chifukwa cha woyamwitsa. Ntchito yanga yonse, kenako ndituluke m'khitchini mwanga kuti iwo alowe adzathire mchere. Dzanja lawo lolemera. Nkhuku yowawa ngati mankhwala a malungo. Ndadya mano akulumana.

Dyna sanandifunse za Joanna. Bola akanafunsa.

Lolemba, 10 Julaye

Magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Mbaula. Ndinamulonjeza Dyna pitsa ali pa bedi la kuchipatala, ndiye lero pitsa. Tchizi mtengo wake ungati ukugula mbuzi, ndatenga kachidutswa. Chiwaya pansi, lata pamwamba, makala pa latapo. Uvuni wa amphawi, koma umapsereza bwino kuposa wa ku loji.

Mchere wa pitsa umalowa mu ufa pokanda. Suwaza pamwamba ngati pa chimanga chootcha. Izi ndinamuuza Dyna kuti awauze, sanawauze. Apongozi anali kumpopi. Ndatsina mchere, ndathira, ndakanda. Dzanja langa, ufa wanga, ndipo ndilibe mlandu ndi munthu.

Atabwera anawaza wawo pa matimati, mtima uli m'malo. Adya, awonjezeranso. "Chigumu cha azungu ichi bola," atero kwa Dyna. Ndinatuluka panja kukaseka kuseri kwa bafa.

Ndapambana. Nanga bwanji ndikungozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira?

Lachinayi, 13 Julaye

Luntha. Chifuwa, thupi moto. Dyna wandiimbira ndili pakati posenda mbatata, ndatsika phiri pa lole ya matabwa, ndili ndi epuloni yomwe. Chipatala, mzere. Kamwana kupuma ngati kanapiye konyowa, nthiti kulowa ndi kutuluka. Amugoneka. Akuti chibayo, nyengo yozizira ino ana ambiri akubwera nacho. Dokotala wanena momveka, ndamva ndi makutu anga. Chibayo.

Koma ndikangotsinzina ndikuona zala zanga mu ufa.

Sindikhulupirira zimenezi. Sindinagone ndi mkazi aliyense. Ngakhale mwambo wawowo utakhala woona, ine sukundikhudza. Ndiye ndikuopa chiyani?

Apongozi angomufunsa Dyna zimene wadya sabata ino, chimodzichimodzi, ngati wapolisi.

Lachisanu, 14 Julaye

Ndanena. Zobisa ine zimandiwotcha.

Panja pa wodi, pomwe odikirira odwala amatsukira mbale. Ndaima kutsogolo kwa apongozi, ndawayang'ana m'maso, koyamba chikwatire. Ndati: "Amayi, mu pitsa muja mchere ndinathira ndine. Ndipo kunja sindinayende. Ngati muli nalo dzina la mkazi, litchuleni." Mawu anakwera, ndikudziwa. Azimayi onse anasiya kutsuka.

Iwo anakoka chitenje kumaso, natembenuka. Kwa Dyna: "Mwana akatuluka tikupita ku Jali. Ndinaika khanda limodzi m'manda chifukwa cha mwamuna wodziwa kulankhula chonchi. Khanda lachiwiri ayi."

Sindimadziwa kuti Dyna anali ndi mlongo wake. Akuti anamwalira wosatha mwezi, nthawi imene bambo awo anali ndi mkazi wina ku Limbe. Zaka zonsezi osandiuza.

Dyna kwa ine, chapansipansi: "Simukanadikira mwezi umodzi? Kapena tifike kaye kunyumba, osati pagulu?"

Ndinachokapo nditawerama. Ine, Winston.

Lolemba, 17 Julaye

Luntha wayamba kuyamwa ndi mphamvu. Kutentha kwatsika. Mwina atuluka mkucha.

Nyumba ili zii. Ndaphika supu ya maungu ya Chifalansa, ya mkaka, kuti Dyna apeze mphamvu. Yopanda mchere. Mcherewo m'kapepala padera. Pokulunga kapepalako ndadzida. Ngati ndasaina kuti ndinachitadi.

Apongozi alandira bakuli ndi manja awiri, nkhope kumbali. Labwerera lotsukidwa. Wadya ndani sindikudziwa, kapena anathira m'ngalande.

Akangopita ku Jali, mwezi udzabala miyezi. Amalume ake a Dyna ndikuwadziwa. Adzaitana ankhoswe, nkhani ya kukalipira apongozi pagulu idzakhala pamwamba, ya Joanna pansi pake. Mwana adzayamba kuseka ine kulibe. Ndipo m'nyumba muno ndizidzaphikira ndani, makoswe?

Ndayenda mpaka kumsika waukulu, ndazungulira kwa a nsomba, kwa a zokometsera, ndabwerera chimanjamanja. Ndanola mipeni yonse. Inali yakuthwa kale.

Lachinayi, 20 Julaye

Atuluka dzulo. Luntha wachepa, koma akulira ngati munthu. Zikwama ziwiri pabalaza, cha apongozi ndi cha Dyna. Ulendo mawa.

Ndapepesa kudzera mwa Dyna, mwa mwambo wake, chifukwa chokweza mawu. Za mchere sindinapepese. Yankho lachokera kuchipinda: "Ndamva."

Ndamufunsa Dyna kuti iyeyo akuti bwanji. Akuti amayi ndi amene anamubereka. Ndati sindinafunse zimenezo, ndafunsa ngati akundiyesa wachiwerewere. Akuti watopa. Ndamenyetsa chitseko, mwana wadzidzimuka, kulira. Chitsiru ine.

A Benard pa foni akuti ndiwasiye apite, akazi amabwerera okha mvula ikayamba. Awo akazi awo anapita kwawo chaka chatha. Mvula inagwa, inatha.

Lachisanu, 21 Julaye

Ndajomba kuntchito, bwana anene zimene anene. Ndadzuka kuwaphikira kamba wa paulendo. Mpunga wokazinga wa Chitchaina, mazira, karoti, nsawawa. Botolo la mchere sindinalikhudze.

Dyna walowa, Luntha ali pachifuwa. Apongozi pampando pafupi ndi khomo la khitchini, duku la paulendo lili kale kumutu. Dyna watsitsa botolo pa shelefu, wandiika m'manja. "Thirani," akutero. Ndangomuyang'ana. "Thirani amayi akuona. Ngati mwandinamiza, mwanayu ndi wanu yemwe."

Ndathira. Watenga supuni, walawa, maso ali pa ine. Akuti wachepa. Ndawonjezera. Wadya mbale yonse chiimire, kenako wakhala pansi pomwepo, watulutsa bere, wayamwitsa.

Apongozi ayang'ana mpaka mwana wakhuta. Aimirira, atenga chikwama chawo chokha.

Ndawaperekeza kudepoti, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi katundu. Mpunga wanga anausiya patebulo. Pokwera minibasi, maso ali pa tayala, anati: "Akakhosomola mundiimbire. Musadikire kuche." Dyna panalibe woti mawuwo adutsemo. Amauza ine. Ndinangoti chabwino amayi.

Kunyumba chikwama cha Dyna chikadali pabalaza, chosamasula. Sindinamufunse. Luntha wagona. Ndakhala pakhomo la chipinda kumvetsera mmene akupumira, ndipo ndaona kuti Dyna nayenso, ngakhale watsinzina, akumvetsera.