Kansalu kakuda pansi pa vaneti

Loweruka, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhazikike.

Atate ananditenga ku Chowa kukaona vaneti yakale yogulitsa imene mzungu wa pamgodi anasiya, yokoka ndi mawilo onse anayi. Anayang'ana utsi, dzimbiri ndi giya ya m'matope. "Ili bwino," anatero.

Ine ndinagwada kuti ndione ngati mafuta akudontha. Pachitsulo cha mawilo akumbuyo panali kansalu kakuda katsopano, komangidwa mfundo.

Titafuna kuiyesa pamsewu, wogulitsa anakana kukwera. "Pitani nokha, Baba, ndikudikirani." Tsiku lonse sanaikhudze ngakhale ndi chala.

Mawa Atate akukaitenga, ndipo wokhala kumbuyoko ndine. Powaikira madzi osamba ndinafuna kuwauza za kansaluko, koma ndinangoika madziwo n'kuchoka.