Mlendo Wokana Mandasi Anga

Lolemba, 3 Malichi
Kalata ya ku khonsolo ya kuno ku Springburn yafika. Lachinayi akubwera kudzayendera khitchini yanga. Akandikaniza chiphaso, mandasi a ukwati wa Temwani wa kumpingo kwathu pa 22 sindiphika, ndipo mpingo wonse udziwa chifukwa chake. Ndakwecha sitovu kawiri. Bambo a Mphatso ndawaletsa kulowa kukhitchini. Ketulo ndawaikira kuchipinda.

Lachitatu, 5 Malichi
Zonse m'malo mwake. Buku lolembamo kuzizira kwa filiji, m'mawa ndi madzulo. Pepala la zakudya zomwe ena zimawawenga: tirigu, mkaka, mazira. Chatsala chimodzi. Mlendo wodzayenderayo adya chiyani? Mnzanga Aleke pa foni: "Achemwali, musayerekeze! Kuno kwa azungu amati ziphuphu." Koma munthu achoke pakhomo panga kukamwa kuli gwa? Mayi anga akhoza kudzuka kumanda.

Lachinayi, 6 Malichi
Wabwera. Dzina lake Kate, waulemu ndithu. Wasuzumira mufiliji, pansi pa sinki, ngakhale m'bini. Buku langa akuti sanaonepo lotere Springburn yonse. Ndinadzigwira mpaka pakhomo. Kenako manja okha, mandasi asanu otentha m'pepala. Wanunkhiza, wameza malovu, wakana. Akuti pa ntchito saloledwa.
Kukana chakudya changa! Waona chiyani m'mafuta muja?

Lamulungu, 9 Malichi
Kutchalitchi sindinaimbe. Temwani: "Anti, zonse zili bwino?" Ndangoti Mulungu ndi wabwino. Aleke akuti kukanako n'kochepa, choopsa ndi kupereka kwangako. Ndalongedza mswachi, juzi ndi mapiritsi a BP m'chikwama. Apolisi akabwera asandidikire.

Lachisanu, 14 Malichi
Envelopu ya ku khonsolo. Yakhala patebulo maola atatu, ine ndikuizungulira. Bambo atopa, atsegula. Ndakhoza! Za mandasi asanu aja sanalembemo, ndawerenga kanayi. Temwani ndamuimbira, ndinalira pang'ono. Bambo ndawalola kubwerera kukhitchini, koma azisamba m'manja ine ndikuona.

Loweruka, 15 Malichi
Belu masana. Kate, wopanda baji ya ku ntchito, ndi mayi ake. Akuti fungo lija silinamuchoke, lero sali pa ntchito, abwera kudzagula. Kugula! Ndawakhazika pansi, tiyi, mbale yodzaza. Adya asanu ndi awiri, mtima wanga m'malo.
Koma pochoka wasiya ndalama patebulo. Ikadali pompo. Kulandira kwa mlendo, manyazi. Kubweza, ndiye kuti wadya ulere, mwina ziphuphu. Chikwama chija sindinamasule. Aleke sakuyankha foni.