Bokosi la Saidi

Amayi anga, kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno ku Malindi mvula inadula msanga, chimanga chinauma chisanabereke. Achemwali a Esinati achira, ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Mtanda wa pamanda anu unapendekeka, ndauwongola ndekha.

Usilikali ndinasiya. Tsopano ndimalemba nkhani za kanema, zija amaonetsa ndi galimoto m'mabwalo a sukulu. Munkati ine ndikakhala chete ndiye kuti ndaswa kanthu. Ndakhala chete zaka ziwiri, amayi.

Mukumukumbuka Saidi wa ku Makanjira, mnzanga uja munkamuphikira mumphika wakewake poti anali Msilamu? Anafa titapita kukalondera njanji ku Mozambique. Galimoto yawo inaponda bomba. Zomwe tinatola sizinadzaze ngakhale chikwama, ndiye m'bokosi tinathiramo mchenga kuti lilemere. Ine ndi amene ndinaliperekeza kwawo, ndi lamulo loti lisatsekulidwe. Abale ake ankafuna kumusambitsa n'kumukulunga m'nsalu yoyera monga mwa chipembedzo chawo. Ndinawakaniza. Mayi ake, Abiti Mdala, anandigwira dzanja n'kufunsa, "Nanga inuyo munamusambitsa kumeneko?" Ndinati inde.

Nkhani yanga yoyamba ya kanema ndinalemba zomwezi. Abwana a kuntchito atawerenga anatseka chitseko. "Achimwene, digiri yanuyi mukufuna mukaidyere kundende? Asilikali athu safera kunja. Ameneyu abwere wamoyo, amayi avine." Ndinakonza, osatsutsa n'komwe. Mwina ndine wamantha basi. Mwinanso ndinali ndisanailembe bwino. Sindikudziwa.

Koma dzina la mudzi ndinaiwala kusintha, choncho tinakajambulira ku Makanjira komweko. Atcheyamani a chipani anasonkhanitsa amayi onse kuti alandire msilikali wathu wongoyerekeza, mkulu wina wa m'tauni amene mfuti ankaigwira ngati khasu. Abiti Mdala anali m'gulumo, atavala nsalu ya chipani. Nthungululu tinawabwerezetsa kanayi chifukwa dzuwa linkabisala m'mitambo.

Titamaliza anandipeza pansi pa mtengo wa mango. Ndinkayembekeza mawu owawa, ndipo ndikanawalandira. Iwo anati, "Baba, inu munasambitsa mwana wanga. Ine ndimagona tulo chifukwa cha inu." Anandipatsa mazira atatu m'kansalu.

Ndikawauza zoona, ndiwalanda tulo, ndipo zikamveka kwa atcheyamani, achemwali adzandifunafuna osandipeza. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Sindiwauza, amayi. Ndalephera.

Ndiye ndikupempha inu. Mukamuona Saidi kumeneko, mutereke madzi, mumusambitse. Inu simunkanyansidwa ndi chilichonse.

Mapepala oyamba aja abwana anati ndiwatenthe. Ali m'chitini, kudenga kwa nyumba yanu. Ndikulonjeza kuti sindiwatentha, ngakhale sindikudziwa amene adzawawerenge.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane