Dzanja Lotsalalo Linanyamula Ketulo

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino kutaliko. Pepani malemba okhotawa, ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Mwezi watha ndinayamba kumva kuyabwa kumusiku. Anamwino anati mankhwala anga a nyamakazi amafoola chitetezo cha m'thupi, si zachiwerewere ayi. Koma mkamwini wanu atapeza mankhwala oika kumusiwo m'kabati, anakuwa, "Matendawa wawatenga kwa ndani, hule iwe?" Anandipana dzanja lamanja ndi chitseko, zala zotupa ndi nyamakazi zija zinathyoka ngati nkhuni zouma.

Paja amandiseka kuti sindingatsegule ngakhale botolo. Koma ketulo ya madzi owira ndinainyamula bwinobwino, azakhali.

Ana akupereka moni. Mkamwini wanuyo sanatulukebe m'chipatala. Kodi m'kachipinda kanu kakuseri kaja muli munthu?

Ndine mwana wanu.