Kompyuta Itatentha Thupi ku Kanyama

Lolemba, 5 Febuluwale 2001

Mvula kuyambira m'mawa. Nsapato zonyowa. Mwana wathu Tamara akutsokomolabe, koma wayamwa bwino.

Ba Eneless, eni shopu, lero anena poyera. Kompyuta siibweretsa kanthu. Makalata ofunsira nchito apa ndi apo, basi. Kuli munthu wa ku Kamwala afuna kuigula, iwo agule zoumitsira tsitsi, shopu isanduke saluni. Ine mu saluni ndikachitamo chiyani? Kusesa tsitsi? Ati, "Ba Chabwera, ine nilibe chifundo na mashini. Ionetse nchito, olo iyende."

Mwayi ndi umodzi. Kwaya ya ku mpingo kwawo ifuna kabuku ka nyimbo, kakonzeke pofika chikondwerero cha Sondo pa 18. Kakatuluka bwino, kompyuta ikhala, inenso ndikhala. Kakalephera, ndibwerera kukaswa miyala m'mbali mwa msewu, monga chaka chija fakitale itagulitsidwa.

Tiwo, mkazi wanga, sindinamuuze. Mkazi woyamwitsa, maganizo amuchepetsera mkaka.

Lachitatu, 7 Febuluwale

Ba Isaac, akulu a kwaya, ayamba kubwera. Mdala wa imvi, jekete lomwelomwelo. Nyimbo zonse zili m'mutu mwawo chabe, pepala palibe. Atate awo anabwera nazo kuchokera ku Malawi pobwera ku migodi. Iwo ayimba mzere, ine ndilemba ndi zala ziwiri. Ayimba wina, ndilemba.

Pulogalamu yolembera iyi ndaikonda. Ukalakwa ufafaniza, pepala silida. Ba Isaac akati vesi ili lipite patsogolo, ndilinyamula lonse ndi kuliika pamwamba ngati njerwa. Pa tayipi ya ku fakitale amayi a mu ofesi amang'amba mapepala tsiku lonse, akutukwana. Iyi siifuna foni, siifuna intaneti ya m'tauni ija yolipira ukangokhala pampando. Malaiti chabe. Chimene wasiya dzulo uchipeza lero pomwepo. Anthu satero.

Vuto limodzi. Mawu onse a Chinyanja iwaikira mzere wofiira kunsi, ngati aphunzitsi anga a Giledi 7. Tsiku loyamba ndinatuluka thukuta. Ba Isaac anaseka mpaka kugwira tebulo. "Nayo siimvela Chinyanja? Ni muzungu uyu, musiye!" Papepala mizereyo siituluka. Ndayesa.

Nigel, mphwawo wa Ba Eneless, ndiye anandiphunzitsa masana amodzi asanapite ku Botswana. Ukamaliza nchito seva, ndiko kusunga zimene walemba, ndiye uzime. Nditero madzulo alionse. Sindiphonya.

Loweruka, 10 Febuluwale

Madzi alowa mu shopu. Kanyama yonse dziwe, zimbudzi zadzaza, anthu ayenda pa miyala atanyamula nsapato m'manja. Ndinafika madzi ali m'kakolo. Bokosi la kompyuta linali patebulo, mwayi.

Ba Eneless anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine. Kwawo nakonso kwanyowa. Kwathu kuli pamwala, madzi safika. Ati, "Tengani. Koma ikafa, musabwele kuniuza na pakamwa."

Wilibala yobwereka. Pansi masaka, pamwamba pulasitiki. Bokosi, sikirini, pulinta, zonse. Ndinakankha pang'onopang'ono ngati ndanyamula mazira. Anyamata a pa tuntemba, kashopu ka m'mbali mwa msewu, kukuwa, "Ba bwana ba ofesi, tilembeni nchito!" Ndinangopitiriza kukankha. Koma mumtima, ee, ndinamva bwino. Wa Giledi 7, kompyuta pa wilibala, kupita nayo kunyumba kwake.

Msana ukuwawa. Mankhwala a Tamara atsala pang'ono.

Lachiwiri, 13 Febuluwale

Ofesi tsopano ndi chipinda chathu. Sikirini patebulo lodyera, bokosi pansi pake. Ife tidyera pamphasa.

Kompyutayi Tiwo waiyesa mlendo. Pansi pali chinyezi, denga lidontha pakona. Ndiye lero watenga kabulangete kakale ka Tamara, wakulunga bokosi lonse, pamwamba pulasitiki, kenaka chitenje chake cha ku tchalitchi. Wamanga bwinobwino ngati mwana wopita ku sikelo. Ati chinthu cha eni chisazizidwe m'nyumba mwathu. Ndinamuyamikira. Mkazi wosamala.

Azimayi a pa yadi asuzumira pakhomo, ana pawindo. Wina anafunsa ngati ionetsa mpira. Tiwo kuwayankha mokweza, "Si TV iyi. Ni ya nchito ya batate Tamara." Anaimirira mowongoka. Sindinamuonepo chomwecho chichokere ku fakitale.

Ba Goliati, alandilodi, adandaula za malaiti. Ndawalonjeza chikwangwani cha nyumba ya lendi, zilembo zazikulu. Avomera.

Ba Isaac ayimba atakhala pa ndowa yovundikira. Tamara akamva mawu awo aleka kulira. Zatsala nyimbo zakalekale, zimene ngakhale a kwaya sazidziwa.

Lachinayi, 15 Febuluwale



Ba Isaac anafika m'mamawa ndi chikwama. Alongo awo amwalira ku Mchinji, akwera basi ya ku Chipata masana. Kubwera mwina mwezi wamawa. Ati timalize lero. Anayimba osapuma, zakale zonse zija, ine zala kuthamanga. Tiyi anazizira m'makapu. Atatha vesi lomaliza anandigwira paphewa, ati, "Manje olo nife, zili mu bokosi." Anapita.

Ndinakhala kuti ndikonze mitu ya nyimbo, ndiye ndiseve monga mwa masiku onse. Nchito inali isanathe, ndiye ndinali ndisanaseve.

Phi. Sikirini bii.

Malaiti alipo, babu likuyaka. Ndinadina batani. Inalira pang'ono, inazima. Ndinadinanso. Chimodzimodzi. Kafungo ngati ka ayironi yoiwalika pa malaya.

Za dzulo ndi dzana ndinaseva. Za lero ayi. Za lero ndiye zimene palibe wina azidziwa, ndipo mwini wake ali m'basi pa msewu wa Great East. Komanso ngati mashini yafa, zonse zapita pamodzi.

Ndinakalipira Tiwo. Sindidziwa chifukwa chake, anangokhala pafupi. Ndinamuuza zonse, za saluni, za miyala. Sanalire. Anangoti, "Nanga munabisila ndani?" Anabereka Tamara, anatuluka kukatunga madzi.

Wokonza makompyuta ali m'tauni, mtengo wake sindingaufunse n'komwe. Ba Eneless sindinawauze. Sindinadye.

Lachisanu, 16 Febuluwale

Ndilembe bwinobwino kuti ndisaiwale.

M'mawa ndinayesanso. Inayaka, isanafike pena paliponse inayamba kulira ngati minibasi pa chitunda. Ndinazima ndekha, mantha. Tiwo anagwada, analowetsa dzanja m'kabulangete, kuseri kwa dzanja, monga achitira pamphumi pa Tamara. Ati dzulo anaigwira, inali moto. "Ku kiliniki banati mwana akapya thupi, muvuleni. Ise taivalika."

Tinaivula. Chitenje, pulasitiki, bulangete. Kumbuyo kwa bokosi kuli timabowo, ndi kachinthu kozungulira kouzira mphepo. Tonse totsekeka ndi ubweya wa bulangete. Sinali kupuma! Masiku onsewa ife tikuti tikuisamala. Ndinachotsa ubweya ndi nthenga ya nkhuku. Ndinaikweza pa njerwa ziwiri, chitseko chotsegula, Tiwo akuikupiza ndi chivundikiro cha poto.

Ndinadina. Inayaka. Phokoso lija palibe.

Ndinatsegula pulogalamu yolembera, maso ndatsinzina theka. Ndisanakhudze kanthu, tsamba linabwera lokha. Nyimbo za dzulo. Ndinatsika nazo pansi, ndinatsika, ndinatsika. Zonse zilipo, ndi mizere yake yofiira. Sindinaikondepo mizere yofiira ngati lero. Kani pulogalamuyi imadzisungira yokha mwakachetechete munthu akulemba, osauza aliyense. Amene anaipanga anadziwa kuti kuli anthu ngati ine.

Ndinaseva. Ndinasevanso. Ndinaika pa disiketi, disiketi m'chitini cha shuga chopanda kanthu.

Linasowa vesi limodzi chabe, lomalizira. Ndinagwira mutu. Tiwo ali pakhomo akuchapa matewera, msana kwa ine, anayamba kuliyimba. Lonse. Dzulo anali kumvera akusenda kalembula, ndiwo za masamba a mbatata. Sananditembenukire, koma anabwereza kawiri kuti zala zanga zifike. Ndinapepesa. Ati ndigule sopo.

Pulinta yagwira nchito masana onse. Masamba oyera, zilembo zoongoka, dzina la Ba Isaac ndi la atate awo pachikuto. Mawa fotokope m'tauni, ndi kumanga.

Tamara wagona osatsokomola kwambiri.

Lachiwiri, 20 Febuluwale

Masiku awa nthawi yolemba panalibe.

Sondo ndinapita ku mpingo wa Ba Eneless, ndinakhala kumbuyo. Makwaya a m'makomboni a Matero, Chawama, George. Timabuku m'manja mwa anthu. Agogo ena anatsegula, anayendetsa chala pa imodzi mwa nyimbo zakale zija, milomo ikugwedera. Ati anaimva komaliza ali mtsikana ku Kabwe. Anafunsa amene analemba. Ba Eneless analoza ine ndi chibwano. Anthu anatembenuka. Ndinayang'ana nsapato zanga, koma chifuwa chinali chodzaza.

Za bulangete ndinawauza ndekha Ba Eneless. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. "Mwaifunditsa monga mwana? Imwe ba Chabwera!" Tsopano msika wonse wadziwa. Palibe kanthu.

Dzulo madzi aphwa, tabweza zonse ku shopu. Bokosi pa njerwa, kumbuyo kotseguka, kutali ndi khoma. Ndiseva nyimbo iliyonse ikatha, sindidikira madzulo. A kwaya ya ku Chawama abwera kale ndi zawo, zolembedwa m'makope ong'ambika. Wa ku Kamwala uja anafika masana ndi galimoto. Ba Eneless anamuuza ali chikhalire, "Siigulisiwa. Ili na nchito."

Lero poweruka Ba Eneless anafukula m'chikwama, anandiponyera makiyi a shopu. Ati mawa apita ku Nakonde kukaoda katundu, nditsegule ndekha, nditseke ndekha. Chibadwire palibe anandipatsapo makiyi a chinthu chake.

Ali m'thumba la buluku. Ndangowagwiranso. Thumbali lili ndi kabowo, Tiwo asoke lero lomwe, asanayambe kuphika, chifukwa akagwera m'matope a pa yadi sindingawapezenso.