Yankho Linali 7i

14 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lilibe vuto, koma mumtima muli nseru yokhayokha.

Mwezi wathawu ana a kalasi langa la masamu analemba mayeso opikisana, kuti wopambana yekha apite kusukulu yapamwamba ya sayansi. Funso lomaliza linali la sikweya ruti ya manambala a negetivi: √-9 + √-16. Ndikudziwa masamu munawathawa kalekale, koma izi nzosavuta. Sikweya ruti ya -1 timaitcha i. Umayamba wafewetsa iliyonse payokha: √-9 ndi 3i, √-16 ndi 4i. Ukaphatikiza, 7i.

Mtsikana wina, mwana wa mayi amene amasesa pasukulu pano, analemba 7i, njira yake yooneka bwino. Koma pepala la mayankho, lokonza akulu a dipatimenti yathu, linati 5i. Iwo anangophatikiza 9 ndi 16 mwaulesi nkutenga sikweya ruti ya -25. Ndipo mwana mmodzi yekha ndiye analemba 5i, popanda ndi njira yomwe: mphwawo wa akulu omwewo. Anaposa mtsikanayo ndi malikisi a funso lomwelo.

Ndinapita ku ofesi kwawo kukawalongosolera. Ndinawapeza akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Madamu," anatero, "manambala amenewa ndi ongopeka kale. Mukufuna kufera chinthu choti kulibe?"

Anapukutira kamtengoko papepala la mtsikana uja. Kenako anatulutsa fomu yowonjezera kontirakiti yanga nkuiika pambali pa ndandanda wa zotsatira. Fomu inkadikira siginecha yawo, ndandanda unkadikira yanga.

Achemwali, ndinasaina.

Dzulo mtsikanayo anandipeza pakhonde atanyamula kope. "Madamu, ndionetseni pamene ndinalakwitsa, kuti ndisadzabwerezenso." Ndinamuuza kuti ndikuthamangira kumsonkhano. Ndinakadzitsekera m'chimbudzi mpaka belu linalira, ndipo fungo la mmenemo silinandinyanse ngati mmene ndikudzinyansira ndekha.

Mapepala a mayeso a ana awiri aja ndawabisa m'chikwama. Lolemba ndikaonana ndi ahedi kukaulula zonse. Iwo ndi akulu aja amamwera limodzi, ndiye musayembekezere zambiri. Kodi kachipinda kanu kosungira katundu kaja kakadalipo? Matiresi ndibwera nayo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi musawawerengere kalatayi. Akafunsa za mwana wawo mphunzitsi, mungowauza kuti akuwasowa.

Ndine mng'ono wanu.